Usiku umene Abusa ananama

Pa tebulo la poker la m'galaja ya alamu anga ku Area 47, dzina langa linali Abusa. Sindinalalikirepo ngakhale pa maliro a nkhuku, koma anzanga ataona kuti ntchito yanga inali kulandira makhadi, kuwasuzumira, n'kuwabweza mwaulemu, anagwirizana kuti munthu wodziletsa chonchi si wa dziko lino. Dzinalo ndinalilandira ndi manja awiri chifukwa ndinali ndi pulani.

Timasewera Texas Hold'em Lachisanu lililonse, aliyense kulowa ndi K50,000. Munthu amapatsidwa makhadi awiri obisa, ena asanu amayalidwa pakati kuti onse agwiritse ntchito: atatu kaye, kenako limodzi, kenako lomaliza, kubetcha kukuchitika pakatipakati. Makhadi abwino amabwera mwa apo ndi apo, ndiye chimene umadyera kwenikweni ndi zomwe anzako amaganiza za iwe. Akakudziwa kuti sulowa wopanda kanthu, tsiku lomwe udzakankhe ndalama uli chimanjamanja onse adzathawa. Akakudziwa kuti ndiwe kamberembere, adzakulondola mpaka kumapeto ngakhale agwire zinyalala. Ine ndinasankha njira yoyambayo. Mbiri yanga ndinkaiweta ngati mbuzi ya Khrisimasi, kuti ndidzaiphe kamodzi, tsiku lomwe pakati padzakhale mulu wa ndalama.

Chinandisokoneza ndi YouTube. Ndinaonera mpikisano wa World Series of Poker wa mu 2003 ku Las Vegas, momwe Chris Moneymaker, munthu wamba wowerengera ndalama wa ku Tennessee, adatenga madola 2.5 miliyoni. Atatsala awiri, adakankha zonse alibe kanthu kalikonse, ndipo Sam Farha, katswiri wotafuna ndudu yosayatsa uja, adataya makhadi omwe akanapambana nawo. Moneymaker anali atavala kapusi ndi magalasi akuda. Inenso ndimagwira ntchito yowerengera ndalama. Kapusi ndinali nayo kale. Chotsala chinali chimodzi basi, ndipo ndinakachipeza kwa venda wina ku msika wa Tsoka, magalasi akuda bii, omwe ngakhale masana umayenda mofufuza.

Lachisanu limenelo tinalipo asanu ndi mmodzi. Panali alamu, dokotala wina wa ziweto, mnyamata wa ku banki yemwe sangataye khadi osafotokoza chifukwa chake, mkulu wina wosayankhula, ine, ndi mayi wa geni ya zovala amene amakapikula ku Dar es Salaam, tonse timangoti Asisi. Asisi ndi oopsa. Munthu wozolowera kunenerera mitengo ku Kariakoo amaona bodza likadali pakhosi.

Cha m'ma 9 koloko magetsi anathima. Jenereta ya alamu inalibe dontho la mafuta, choncho tinayatsa makandulo awiri n'kupachika foni pa msomali kuti tochi yake iziunikira pakati. Alamu anandiyang'ana nati, "Alamu, magalasiwo simuvula?" Ndinangopukusa mutu pang'onopang'ono. Katswiri savula magalasi chifukwa cha mdima.

Kenako makhadi anabwera. Ndinapinda kangodya ka loyamba ndi chala chachikulu: eyisi. Ndinapinda lachiwiri: kansonga kosongoka m'mwamba, kamzere kopingasa. Eyisi inanso! Maeyisi awiri amabwera kamodzi pa maulendo 221, ndipo mtima wanga unayamba kugunda mpaka ndinaopa kuti kandulo izima. Asisi anakweza kufika K3,000. Ine ndinati K10,000. Galaja yonse inati zii, chifukwa Abusa akatulutsa ndalama ndiye kuti kumwamba kwayankhula. Ena onse anataya. Asisi anawonjezera kufika K25,000, maso ali pa ine.

"Zonse," ndinatero, ndikukankha kamulu kanga ndi manja awiri.

Sindinanjenjemere, sindinameze malovu, sindinakande mphuno. Ndikanachitiranji mantha ndili ndi makhadi oposa onse? Asisi anandiyang'ana nthawi yaitali, phula la kandulo likudonthera pa sosala. Anandifunsa za ana, ndinayankha. Anandifunsa ngati ndadya, ndinati ndadya. Potsiriza anapuma mozama, natembenuza makhadi awo kuti tonse tione: makingi awiri.

"Wina aliyense pano ndikanamutsatira," anatero. "Koma Abusa sanama. Tengani, bambo."

Apa lamulo limandilola kubweza makhadi chafufumimba n'kusonkhanitsa ndalama mwakachetechete. Koma chifundo chinandigwira, komanso ndinaona mpata wonenepetsa mbuzi ija. Ndinati, "Mwachita bwino, Asisi, Mulungu wakupulumutsani," n'kuwaponya pakati, pansi pa tochi penipeni.

Palibe anayankhula. Dokotala wa ziweto anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza tebulo. Ine ndinali ndikumwetulirabe, kudikira kuti wina ayamikire. Ndiye alamu anayamba kalikiliki, kuseka kopanda mawu kuja, mapewa okha akugwedezeka. Ndinatsitsa magalasi.

Eyisi ndi 4.

Amene sanaonepo apinde kangodya ka khadi la 4 mumdima, aone ngati sakumana ndi A. Wopanga makhadi ameneyo adzayankha yekha tsiku lachiweruzo.

"Abusa," anatero Asisi motsitsa mawu, dzanja lili pachifuwa, "nanunso?"

Ndinalumbira kuti ndimaona ngati ndi maeyisi awiri. Apa m'pamene galaja inaphulika. "Akupitirizabe!" anakuwa dokotala. "Taonani nkhope, ngakhale kuphethira!" Mnyamata wa ku banki anaimirira n'kuyamba kuphunzitsa: akuti ndinakhala miyezi ndikutchera msampha umenewu, akuti eyisi yangayo inachepetsa mwayi woti Asisi akhale ndi maeyisi, akuti kuonetsa makhadi n'kunyoza pamwamba ndi nzeru zakuya zosokoneza mdani. Ankafotokoza pulani yanga yeniyeni, bwino kuposa mmene ndikanaifotokozera ine, kungoti mbuzi inali itaphedwa ine mwini ndisakudziwa, ndipo nyama yake inali K25,000 ndi tindalama tapamwamba. Ngakhale mkulu wosayankhula uja anatsegula pakamwa koyamba chaka chino: "Awa si Abusa. Awa ndi Mneneri."

Magetsi anayaka cha m'ma 11. Magalasi ndinali nditawabisa m'thumba, ndipo khadi lililonse ndinkaliyang'ana katatu. Posakhalitsa, ngati nthabwala za Satana, anabwera enieni: eyisi yofiira ndi eyisi yakuda, zilembo zikuluzikulu, pansi pa babu. Ndinakweza. Kale zikanatha pomwepo, koma tsopano dokotala anakweza pamwamba panga akuseka. Ndinati zonse. Dokotala analowa. Alamu analowa, akuti sangalole kuberedwa m'nyumba yawo yomwe. Asisi sanayang'anenso n'komwe makhadi awo kachiwiri.

"Mneneri, loserani," anatero akukankha ndalama.

Maeyisi awiri akakumana ndi munthu mmodzi wa makhadi achisawawa amapambana pafupifupi maulendo 85 pa 100, koma anthu akachuluka mwayiwo umaphwa msanga. Nditawatembenuza, dokotala anawanyamula n'kuwayang'anitsitsa pa babu kuti atsimikize. Iye anali ndi kwini ndi jeki, alamu ma 10 awiri, Asisi 8 ndi 6. Makhadi atatu oyamba anagwa: 5, 7, 9. Asisi anali atalumikiza mzere wathunthu wa makhadi asanu otsatizana kuyambira 5 mpaka 9, womwe umaposa maeyisi awiri, ndipo awiri otsalawo anangobwera kudzaperekeza maliro. Anakokera mulu wonse kwawo ndi mkono, nasankhamo K2,000 n'kundipatsa.

"Chakhumi, bambo. Mukwerere kabaza."

Ndinafika kunyumba pakati pa usiku, ndinalowa mwakachetechete, ndinagona. M'mawa ndinapeza mayi a kunyumba atakhala pa khonde, foni ili m'manja, tiyi wanga atathira kale, zomwe sizichitikachitika. Achimwene awo anali atawatumizira uthenga wamawu wa mphindi zisanu ndi ziwiri, theka lake kuseka kokhakokha.

"Bambo a Chisomo, khalani pansi," anatero mokoma. "Ndamva kuti mumatha kunama osaphethira, mpaka munthu wa makingi awiri kuthawa."

Ndinati zinali ngozi, magalasi ndi amene anandipusitsa.

"Eya, achimwene anena kuti muyankha choncho." Anasuntha kapu kuti ifike pafupi nane. "Tiyambe ndi bonasi ya Disembala ija munati kuofesi sanapereke."