Kuwolotsa zinthu pakati pa Java ndi C++

Pulogalamu yanga ya Android ndi ya Java, koma gawo lokonza mawu ojambulidwa ndi la C++, chifukwa laibulale yake inalipo kale ndipo imagwira ntchito mwachangu. Zilankhulo ziwirizi zimakumana pa JNI (Java Native Interface), njira yomwe Java ndi C++ zimaitanirana, yomwe ilipo kuyambira JDK 1.1 ya mu 1997. Pa chinthu chilichonse chowoloka ndinkayamba ndadzifunsa kuti mwini wake ndani, ndipo adzachichotsa ndani.

Kuchoka ku C++ kupita ku Java kunali kosavuta. Ndinapanga chinthucho ndi new, pointer yake (adiresi yake mu memory) n'kuisandutsa nambala ya mtundu wa jlong, kalasi ya Java n'kusunga nambalayo. Garbage collector, yemwe amachotsa zinthu za Java zosagwiritsidwanso ntchito, amangoona nambala, sadziwa kuti kuseri kwake kuli memory yofunika kubweza. Choncho ndinalemba close() yoitana delete, kenako n'kuika ziro pamalo pa nambalayo kuti chinthu chisachotsedwe kawiri. finalize(), method yomwe Java imaitana isanachotse chinthu, sindinaikhudze, poti kuyambira Java 9 eni ake akuti tiisiye.

Mbali inayo ndiyo inandidyera nthawi. C++ ikamaliza ntchito imayenera kuuza listener, chinthu cha Java chodikira uthengawo. Koma jobject (cholozera ku chinthu cha Java) yomwe function ya native, ya ku C++, imalandira ndi local reference, ndipo moyo wake umatha function ija ikangobwerera. Kuisunga kuli ngati kusunga tikiti ya ulendo womwe unatha kale. Choopsa n'chakuti nthawi zina imaoneka ngati ikugwirabe, mpaka tsiku lomwe pulogalamu idzagwe pamalo osayembekezeka. Ndinaitana NewGlobalRef pomwepo polandira kuti ndipeze global reference, yomwe siitha function ikabwerera, DeleteGlobalRef n'kuiika mu destructor, function yomwe C++ imaitana pochotsa chinthu. Apa mpofunika kusamala: global reference imamangirira chinthu kuti garbage collector asachitenge, ndiye listener ikagwirizira Activity yonse (sikirini ya pulogalamu ya Android), zonsezo zimangokhala mu memory mpaka close() itaitanidwa.

Kenako nkhani ya thread, mzere wa ntchito woyenda paokha mu pulogalamu. JNIEnv, pointer yoitanira ma function a JNI, ndi ya thread imodzi yokha, siyobwerekana. Chomwe ndinasunga ndi JavaVM, yomwe ma thread onse angagwiritse ntchito, mu JNI_OnLoad (function yoitanidwa laibulale ikangolowetsedwa), ndipo thread ya C++ imayamba yaitana AttachCurrentThread kuti ipeze JNIEnv yakeyake, n'kudzaitana DetachCurrentThread isanathe. Makalasi ndinawapezeratu mu JNI_OnLoad momwemo n'kuwasunga ngati global reference, chifukwa FindClass ikaitanidwa pa thread yobadwira ku C++ imafufuza ndi class loader ya system, yomwe makalasi a pulogalamu yanu siiwadziwa. Pa thread yotereyi ma local reference sachoka okha, poti palibe function yobwerera ku Java. Malamulo a JNI amangotsimikizira malo a 16, choncho mu loop ndimaitana DeleteLocalRef ulendo uliwonse.

Mawu olembedwa ali ndi msampha wawo. GetStringUTFChars imapereka UTF-8 yosinthidwa, ndipo ma emoji satuluka mmene laibulale wamba imayembekezera. Ine ndinaona kuti ndi bwino kuwasandutsa ma byte a UTF-8 yeniyeni ku Java konko, n'kuwolotsa byte array.

Ndikaitana method ya Java ndimatsatiza ExceptionCheck, chifukwa exception ya Java siimitsa C++. Imangodikira, ndipo kupitiriza kuitana JNI ili podikirapo n'koletsedwa. Poyesa ndimayatsa CheckJNI, yomwe pa emulator imakhala yoyaka kale. Imagwetsa pulogalamu pamalo pomwe reference yakufa yagwiritsidwa ntchito n'kulemba chifukwa chake mu logcat, momwe Android imalemba mauthenga a pulogalamu. Pa JVM (makina oyendetsa Java) ya pakompyuta ntchito yomweyi imachitika ndi -Xcheck:jni.