Chilungulira ndi mapapo, tisamazisiyanitse

Anthufe chilungulira timachitenga ngati kanthu kakang'ono, ukadya mbatata kapena nyemba usiku pamtima pakayamba kuotcha basi kusungunula soda m'kapu, kumwa nkukagona. Koma pali matenda a mapapo otchedwa pulmonary fibrosis, mapapo amachita zipsera nkuuma moti mpweya sumalowa bwino m'magazi, ndipo ambiri odwala matendawa amapezekanso ndi vuto loti asidi wa m'mimba amabwerera kummero.

Madokotala amaganiza kuti timadontho ta asidiyo timatha kutsetserekera m'mapapo makamaka munthu ali mtulo, pang'onopang'ono kwa zaka, nkumapsereza mkatimo. Ena akuti ayi zimayambira kwina, mapapo akauma ndi amene amakoka asidiyo kuti akwere. Mbali zonsezi zili ndi mfundo zake. Chomwe chimandiopsa ine nchoti ena asidi amakwera osamva kuotcha kulikonse, amangotsokomola basi.

Malume anga kuno ku Zomba ankayenda wapansi kuchokera ku Chinamwali mpaka mtauni osapumira, pano kachitunda kakang'ono kokha ndi wefuwefu, chifuwa chouma chopanda makhololo, nsonga za zala zinayamba kutupa. Aliyense ankati ndi TB, ndipo nzomveka chifukwa kwathu kuno chifuwa chikakhalitsa timayamba kuyeza imeneyo, koma zotsatira zikabwera kuti mulibe anthu timangobwerera kunyumba osangalala pomwe kubanikako kukupitirira. Za chilungulira chawo cha zaka zambiri malumewo sanazitchuleko kuchipatala, ankati nza m'mimba sizikukhudzana.

Nde chonde mukapita kwa dokotala nenani zonse ziwiri, chifuwacho ndi chilunguliracho, mufunsenso ngati angakujambuleni pachifuwa.

Komanso tisanamizane kuti omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, amachiza mapapo. Mu 2015 malangizo a akatswiri a mapapo ankalola kupereka mankhwala ochepetsa asidi kwa odwala fibrosis, koma mu 2022 anasintha, anati asamaperekedwe pofuna kuthandiza mapapo, aziperekedwa pa chilungulira chenichenicho. Mankhwala a fibrosis ngati pirfenidone ndi nintedanib amangochedwetsa matenda, zipsera zomwe zachitika kale sizifufutika, ndiye kuzindikira msanga nkofunika zedi.

Kwa malume tinaika njerwa kunsi kwa miyendo ya bedi chakumutu kuti asidi asamakwere akagona, nsima yamadzulo amadya dzuwa lisanalowe kuti papite maola atatu asanagone, ndipo fodya tinachita kukangana nawo mpaka anasiya.