Tsiku limene ndinapereka apongozi anga ngati chikole

Ine ndimagulitsa usipa. Ndimaoda ku Senga Bay, kuuyanika pathandala, kenako kukwera nawo minibasi wa ku Lilongwe. Mpamba wanga ndi wa zigoba zowerengeka, ndiye nditamva kuti bungwe lina likubwereketsa ndalama kwa ife a geni, ndinati mwayi sudikira. Vuto linali limodzi: fomu yake ndi ya pa intaneti.

Ndinayamba kulemba Lolemba lina mu Okutobala, ndili pansi pa mtengo wa mango pa Kamuzu Road. Wodziwa Salima mwezi umenewo akudziwa kuti ngakhale foni imatuluka thukuta. Mafunso anali asanu ndi atatu. Dzina ndinalemba. Mudzi ndi mfumu yaikulu: T/A Maganga. Chaka chobadwa: 1991. Amene mumawasamalira pakhomo: ana atatu. Mumagulitsa chiyani: usipa wouma ndi wofutsa. Mboni yanu: apongozi anga aakazi, popeza m'banja lonse ndi iwo okha amene foni yawo sikhala yozima. Chikole: firiji. Nditafika pa funso lomaliza, bandulo inatha. Mwamwayi ndinali nditadina batani la Save, ndipo fomu inandilonjeza mwaulemu kuti ndidzapitiriza pomwe ndalekera.

Panadutsa masabata atatu. Musandiweruze, usipa unali utagwa mtengo ndipo munthu sungasiye nyanja n'kumakasisita foni.

Tsiku lotsekera ndi limene ndinakumbukira. Nditatsegula, pamwamba panabwera kauthenga ka Chingerezi kofiira. Ndinaona mawu oti "updated" ndipo ndinaganiza kuti akundiyamikira. Mabokosi onse anali odzaza, ngakhale lomaliza lija limene sindinaliyankhe. Ndinati koma makina a masiku ano ndi anzeru, afika pomuthandiza munthu kuganiza. Batire ili pa 4 peresenti, ndinadina Submit osawerenga kanthu, n'kudzigulira Fanta.

Lachinayi anandiitana ku ofesi yawo pa boma. Ndinavala shati ya ukwati, n'kukwera kabaza kuti ndisafike ndi fumbi. Ndinapeza mayi wina wa magalasi, pepala lili m'manja, anzake awiri ataima kumbuyo kwake ngati akudikira mpira uyambe.

"Bambo, khalani pansi. Munabadwa liti?"

"1991, mayi."

"Apa mwalemba kuti munabadwa chaka cha T/A Maganga."

Wina kumbuyo kuja anatsokomola.

"Pakhomo panu mumasamalira anthu 1991?"

Ndinati mwina ndi kulakwitsa pang'ono. Mayi aja anakweza magalasi.

"Nanga pa funso loti mumagulitsa chiyani, mwayankha kuti ana atatu. Bambo, apolisi ali pafupi pomwepa. Tiyambe taimba kapena mufotokoza?"

Thukuta limene ndinatuluka pamenepo silinali la Okutobala. Anapitiriza kuwerenga pang'onopang'ono, ngati kalata ya kwa Aroma pa Sande. Mboni yanga inali usipa wouma ndi wofutsa. Wodzabweza ngongole ine nditamwalira anali firiji. Ndipo chikole, chinthu choti adzalande ndikalephera kubweza, chinali apongozi anga aakazi, nambala yawo ya foni ili pambali.

Mnyamata wawo wa makompyuta ndiye anandimasulira, misozi ya kuseka akupukuta ndi tayi. Pa masabata atatu aja anasintha fomu: funso la mudzi analichotsa chifukwa zimenezo amaziona pa chitupa cha unzika. Koma fomu yawoyo imasunga mayankho potsata nambala ya bokosi, osati funso lake. Funso limodzi litachoka, mafunso onse anasendera m'mwamba, mayankho anga n'kukhala pomwe anali. Zili ngati pa mzere wa kuchigayo, munthu mmodzi achoke koma matumba asasunthe: aliyense amapita kwawo ndi ufa wa mnzake. Kauthenga kofiira kaja kankanena kuti ndionenso mayankho ndisanatumize.

"Ndiye ndi inu nokha, achimwene, mwa anthu onse, amene simunaonenso."

Anandipatsa fomu ya pepala ndi cholembera. Ndikulemba, mayi aja anati, "Kungoti dzulo tinawaimbira kale mayiwo. Lamulo lathu ndi loti chikole tizichitsimikiza kuti chilipo ndipo chili bwino."

Kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, ndipo tsiku limenelo ndinauthokoza mwambo umenewu. Ndinafika madzulo n'kupeza akhala pamkeka kuseri kwa khitchini, akusankha mpunga. Ndinanjuta patali, maso pansi. Iwo sanandiyankhe ine, anayankhula ndi mwana wawo.

"Uwafunse bambo a kunyumba kwakowa. Ngongoleyo ndi ya ndalama zingati?"

Mayi a kunyumba anandiyang'ana. Ndinanong'ona kuti K300,000.

Apongozi anasiya lichero.

"K300,000? Ine? Mbuzi zingati zimenezo?" Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Uwauze abwererenso mawa. Akanene kuti chikolecho chakana, pokhapokha akweze ifike miliyoni."