Chifukwa chake anthu sanakhutire ndi chigamulo cha Pickton

Robert Pickton, woweta nkhumba wa ku Port Coquitlam m'dziko la Canada, anamangidwa mu February 2002. Mu December 2007 khoti linamupeza wolakwa pa kupha amayi 6, n'kumulamula kukhala m'ndende moyo wonse, osapempha kutuluka zaka 25 zisanathe. Komabe mitima ya abale a amayi omwe anasowa sinakhale pansi.

China chinali chiwerengero. Milandu inalipo 26, koma woweruza anaigawa poopa kuti kuzenga yonse pamodzi kutenga nthawi yaitali. Milandu 20 yotsalayo inaimitsidwa mu 2010 osazengedwa, ndiye mabanjawo sanamve umboni wa ana awo m'khoti.

Mkwiyo waukulu unagwera apolisi. Ambiri mwa amayiwa ankakhala ku Downtown Eastside mumzinda wa Vancouver: osauka, oyendayenda, ogwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo, ambiri a mitundu ya eni dziko. Wachibale akakanena kuti wasowa, ankangouzidwa kuti mwina wasamuka. Popanda mtembo, kafukufuku ankazilala. Komanso amayiwa ankasowa m'dera la apolisi a Vancouver, pomwe famu ya Pickton inali m'dera la RCMP (apolisi a dziko lonse la Canada), ndipo magulu awiriwa sankagawana bwino zomwe apeza. Chowawa kwambiri n'chakuti mu 1997 mayi wina anathawa pafamupo atabayidwa ndi mpeni, koma mlandu womwe Pickton anaimbidwa pa nkhaniyi unasiyidwa mu 1998 pokayikira ngati angathe kupereka umboni.

Apolisi a Vancouver anapepesa mu 2010, ndipo lipoti la mu 2012 la Wally Oppal, yemwe anatsogolera bungwe lofufuza momwe apolisi anagwirira ntchito pa nkhaniyi, linatsimikiza kuti tsankho linachedwetsa kafukufuku.