Mmene ndimayesera bourbon ndisanavomere mtengo wake

Botolo la bourbon, whiskey wa ku America, ndimayamba kuliweruza lisanatsekulidwe, ndipo ndimayambira kumbuyo kwake. Kutsogolo kuli zokopa ogula: akavalo, nkhalamba za ndevu, zilembo zagolide. Zofunika kwenikweni zili m'timalemba ting'onoting'ono tija timene ambiri sawerenga.

Theka la ntchitoyi anandigwirira kale ndi malamulo a ku America. Kuti mowa utchedwe bourbon uyenera kutchezedwa ku United States, ndipo pa mbewu zofululira, chimanga chisachepere 51 peresenti. Zotsalazo zimakhala rye (mbewu yofananako ndi tirigu) kapena tirigu, kuphatikizapo chimera cha balere. Akautcheza amausunga mu mgolo watsopano wa mtengo wa oak wowotchedwa mkati mpaka kuchita makala. Polowa mu mgolomo ukali wake usapitirire 62.5 peresenti, ndipo m'botolo usachepere 40. Zokometsera kapena zosinthira mtundu n'zoletsedwa, amaloleza madzi okha. Ndiye kufiira mukuonako ndi kafungo ka vanila kaja zachokera ku thabwa la mgolo basi. Popeza botolo lotchipa ndi lodula onse atsata lamulo limodzi, funso langa limakhala limodzinso: ndalama zapamwambazi ndikulipira chiyani?

Pali mawu amene ndimawakhulupirira chifukwa ali ndi lamulo kumbuyo kwake. Akalemba straight, ndiye kuti mowawo wagona mu mgolo zaka zosachepera 2, ndipo ngati sunakwane zaka 4 ayenera kunena msinkhu wake. Akalemba bottled in bond, potsata lamulo la mu 1897, ndiye kuti ndi wa fakitale imodzi, wotchezedwa nyengo imodzi, wa zaka 4 kapena kuposa, ndipo ukali wake ndi 50 peresenti ndendende. Aamerika amawerenga ukali mu proof, inu mungogawa ndi 2. Koma small batch ndimangoudumpha, aliyense atha kulemba chifukwa palibe lamulo lonena kuti migolo yochepa ndi ingati. Ndimayang'ananso kumene mowawo anautcheza. Mabotolo ena ali ndi nkhani yokoma ya agogo a ku Kentucky, chigawo chotchuka ndi bourbon, koma pansi palembedwa kuti unatchezedwa ku Indiana, komwe fakitale ya MGP imagulitsa migolo kwa makampani ambiri. Mowa wake ndi wabwino ndithu, kungoti nthano ya agogoyo sindiilipira.

Tsopano kulawa. Ndimachita izi ndisanadye zatsabola, ndipo mafuta onunkhira sindidzola. Ndimagwiritsa ntchito tambula ya Glencairn, ya mimba yaikulu ndi kukamwa kochepa, chifukwa imasonkhanitsa fungo. Ndimathira toti imodzi, popanda ayezi, n'kuisiya kwa mphindi zingapo kuti ukali wapamwamba uuluke. Ponunkhiza sindilowetsa mphuno yonse, ndimangoibweretsa m'mphepete kukamwa kuli kotsekula pang'ono. Mukapumira mwamphamvu mphuno imachita dzanzi ndipo kuyesa kwathera pomwepo. Choyamba kubwera ndi vanila ndi shuga wopserera, zimenezi zili pafupifupi mu bourbon aliyense. Chimene ndikusaka ndi cham'munsi mwake: khungu la lalanje, sinamoni, mtedza wokazinga, fodya wouma, nthawi zina kafungo ka chikopa. Wodula akangondipatsa vanila yekha n'kuthera pomwepo, ndayamba kale kumukayikira.

Kumwa koyamba sikuwerengedwa, n'kongodzutsa lilime. Kachiwiri ndimausunga m'kamwa n'kumauyendetsa ngati ndikutafuna, njira imene anaitchukitsa ndi katswiri wotcheza bourbon Booker Noe, mdzukulu wa wotcheza wina wotchuka, Jim Beam. Apa m'pamene mbewu yachiwiri ija imadziulula. Wa rye wambiri, monga Four Roses Single Barrel, amaluma m'mbali mwa lilime ngati tsabola. Wa tirigu, monga Maker's Mark wa ku Loretto uja wa phula lofiira, ndi wofatsa, wozuna, wopita bwino pakhosi. Palibe woposa mnzake, koma ndi bwino kudziwa mbali imene mwaima musanataye ndalama. Ine ndili kwa rye.

Ndikameza ndimadikira. Kwa ine apa ndi pamene ndalama zimaonekera. Wotchipa amawotcha pachifuwa n'kuzimiririka. Wabwino amatsala m'kamwa n'kumasintha, kuzuna kumachoka, kumabwera kuuma kwa thabwa, kenako kakomedwe ka koko. Pomaliza ndimadonthezamo madzi pang'ono ndi kasupuni. Wolimba amatseguka n'kutulutsa fungo lina limene linabisala, wofooka amangosukuluka. (Wothira Coca-Cola sindimunyoza, koma agule wotchipa, chifukwa zonse ndatchulazi zimamira mu shuga.)

Vuto n'lakuti lilime limamvera maso. Ukadziwa kuti botolo ndi lodula, umamva kukoma kumene kulibe. N'chifukwa chake ndimaitana mlamu wanga. "Alamu, thirani m'matambula atatuwa, mulembe manambala pansi pake, koma musandiuze." Ine ndimatuluka panja. M'tambula imodzi mumakhala woyesedwayo, m'yachiwiri mumakhala wa mtengo wapakati, ndipo m'yachitatu nthawi zonse mumakhala muyeso wanga woyerekezera, Wild Turkey 101 wa ku Lawrenceburg, wa 50.5 peresenti, yemwe si wodula. Ndimalemba papepala amene wandikomera koposa, kenako timatembenuza matambula. Nthawi zina wodula amapambana moonekeratu, mpaka ndimavomera. Nthawi zinanso amakhala wachitatu, alamu n'kumaseka mpaka misozi.

Zaka ndiye zimapusitsa ambiri, makamaka ozolowera Scotch, whiskey wa ku Scotland. Ku Scotland kumazizira, ndipo nthawi zambiri amagwiritsa ntchito migolo yakale, yambiri mwa iyo yochokera ku bourbon komweko, choncho mowa umakhwima pang'onopang'ono. Ku Kentucky kumatentha kwambiri m'chilimwe n'kuzizira koopsa m'nyengo yozizira. Mowa umalowa m'thabwa latsopano n'kutuluka chaka ndi chaka, makamaka m'migolo ya pamwamba m'nyumba zosungiramo, komwe kumatentha zedi. Ukakhalitsa umatha kuwawa ngati khungwa. Pa lilime langa, wa zaka 8 mpaka 12 ndi amene amakhala pabwino, ngati Eagle Rare wa zaka 10.

Kudula kwina kuli ndi chifukwa chomveka. Chaka chilichonse gawo la mowa limauluka mu mgolo, eni ake amati ndi gawo la angelo, ndiye mgolo wa bourbon wodula wa Pappy Van Winkle wa zaka 23 umatsala ndi wochepa kwambiri. Single barrel, wochokera mu mgolo umodzi wokha, amene anatchuka ndi Blanton's mu 1984, amafuna munthu wosankha mgolo umodziumodzi. Zimenezo ndingalipire. Koma kudula kwina n'kwa kusowa chabe: mabotolo amatuluka ochepa, ogula mopikulitsa amawasesa n'kumawagulitsa pa mtengo woposa wa kufakitale kangapo. Bourbon wa W.L. Weller amatchezedwa ku fakitale ya Buffalo Trace ku Frankfort, ndi kasakanizidwe ka tirigu kofanana ndi ka Pappy, ndipo anthu atangodziwa zimenezo nayenso anayamba kusowa. Mowa wam'botolomo sunasinthe. Pamabotolo osowawa ndimayang'anitsitsanso chotsekera, popeza pali akamberembere ogula mabotolo opanda kanthu n'kuthiramo wotchipa.

Masamu omaliza ndi apafupi. Botolo la 750 ml lili ndi matoti 30 a 25 ml, ndiye ndimagawa mtengo wake ndi 30 n'kuyerekeza ndi toti ya muyeso wanga. Wa barrel proof, wosasungunula monga Booker's, ndimamuchotserako pang'ono pa mtengo wa toti chifukwa madzi ndithira ndekha kunyumba ndipo botolo likhalitsa. Ngati wodulayo anapambana m'matambula a alamu aja, ndipo toti yake siposa kawiri ya muyeso, ndimagula botolo lonse. Akaposa pamenepo ndimakagula toti imodzi yokha ku bala.