Ziro wa nyutuloni wandilowa

Mtima wakhala pansi tsopano. Ndikunena za chaji ya magetsi ya tizidutswa ta mu atomu. Za +1 wa pulotoni ndi −1 wa elekitironi sindibwereza, tonse a 12ª classe kuno ku Ulongwe tinaziloweza kalekale. Chandisangalatsa ndi ziro wa nyutuloni uja.

Ziro ameneyu amachita kuphatikizidwa. M'kati mwa nyutuloni muli tizidutswa titatu tating'ono kwambiri totchedwa ma quark: up mmodzi wa chaji ya +2/3, ndi ma down awiri, aliyense −1/3. Phatikizani, mupeza 0. Pulotoni ili ndi ma up awiri ndi down mmodzi, n'chifukwa chake imatuluka +1. James Chadwick anapeza nyutuloni mu 1932, koma ganizo la ma quark linadzabwera mu 1964, kwa Murray Gell-Mann ndi George Zweig, aliyense payekha.

Ndiye taonani kukoma kwake. Nyutuloni ikakhala yokha sikhalitsa, pa avereji mphindi 15 basi. Down mmodzi amasanduka up, kenako pamatuluka elekitironi ndi kanthu kena kakang'ono kopanda chaji kotchedwa antineutrino. Werengani: +2/3 kuphatikiza −1 zikutipatsa −1/3 yemwe uja tinayamba naye. Palibe chatayika!

Njira yanga ndi nyemba ndi chimanga pamphasa. Chulukitsani zonse ndi 3 kuti tizigawo tichoke. Up ndi nyemba ziwiri, down ndi njere imodzi ya chimanga, elekitironi ndi njere zitatu. Nyemba ikakumana ndi njere, chotsani zonse ziwiri, zotsalazo ndiye yankho. Ine ndikuti theka la fizikisi likhoza kuphunzitsidwa pamphasa imeneyi, anzanga aseke momwe angasekere.

Chondipweteka n'choti aphunzitsi mutuwu anangouthamanga. Adzaza bolodi m'Chipwitikizi, ife tikukopera, tisanafike mzere wachitatu afufuta, belu n'kulira. Ukafunsa, yankho lake n'loti zimenezo sizibwera pa mayeso. Loweruka nalo limathera kudimba la mbatatesi, ndiye munthu uwerenge liti?

Koma pali pamene nyemba zanga zikuthera nzeru. Elekitironi ilibe ma quark, ndipo pulotoni imalemera kuiposa maulendo pafupifupi 1836. Nanga bwanji chaji yawo ikufanana ndendende kukula kwake, 1,6 × 10⁻¹⁹ C (ma coulomb, muyezo wa chaji), kusiyana chizindikiro chokha? Ndani anauza ma quark kuti agawane patatu mogwirizana ndi kanthu kosakhala ka mtundu wawo? Mwina a ku yunivesite amazilongosola, kaya. Kapena nawonso amangowerengera ngati ine?