Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: tsiku lomwe batala sanabwere

Abale mwandisowetsa mtendere ku inbox kuti ndipitirize, ndiye nayi. Zikomo nonse amene munandipepesa pa gawo latha lija la maliro a amama, makomenti onse ndinawerenga ngakhale sindinayankhe. Koma achimwene aja munalemba kuti lesitilanti yopanda menyu yokhazikika ndi ulesi, kokani mpando, gawo ili ndi lanu.

Tinasiyira poti ndagulitsa makina osokera a amama nkutsegula kalesitilanti kanga ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, matebulo anayi mbaula ziwiri. Nsomba ankanditumizira asibweni aja a ku Nkhata Bay, amagula kwa asodzi mbandakucha nkupatsira kondakitala wa minibasi, pofika 9 koloko ndalandira pa depoti. Nthawi imeneyo menyu ndinali nayo, yosindikiza bwinobwino, pamwamba penipeni nsomba ya batala ndi kondowole, ngati nyanja ndi golosale ya bambo anga.

Ndiye mu July kunabwera bambo wina wa ku ofesi ina kudzaoda mbale 40 za batala, akuti ali ndi alendo a msonkhano ochokera ku Lilongwe, anapereka theka la ndalama pompo. Ine chimwemwe, osakumbuka nkomwe kuti July ndi pakati pa mwera. Amene simunakhaleko kunyanja, mwera ndi mphepo yochokera kummwera, imayamba cha mu May mpaka August ndipo ikalusa palibe msodzi amakankhira bwato mmadzi. Inawomba masiku atatu osapuma. Asibweni anandiimbira usiku kuti mwana wanga kuno kulibe kanthu, ine kumangoti yesetsani asibweni, yesetsani, ngati mphepoyo amaiyendetsa ndi iwo.

Mmawa ndinaima pa depoti kuyambira 7, kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa, chifunga ndi kamvula kowaza kaja, minibasi iliyonse ya ku Nkhata Bay ndikuithamangira mpaka makondakitala anayamba kundiseka. Bokosi linafika cha mma 11. Nditangolinyamula ndinadziwiratu, linali lopepuka. Mkati batala 6 ndi kajumbo ka usipa wouma komwe asibweni anaikamo chifukwa cha chisoni basi. Ndinakhala pa bokosi lomwelo nkulira, anthu akudutsa, mayi wina wogulitsa nthochi mpaka anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro.

Mlamu wanga uja anati ndikagule nsomba za mufiriji mushopu, a ku Lilongwe sangasiyanitse. Ndinakana, ndipo mpaka lero amandinena kuti ndine wonyada. Mlamu ndikudziwa mumawerenga. Amama anali mTonga, anandilera ndi nsomba yoti yagona mmadzi usiku womwewo, ndikanayamba bwanji bizinesi ya makina awo ndi bodza? Ndinapha nkhuku za lokolo nkukawauza bambo aja zoona. Anandikalipira pamaso pa atsikana anga antchito, mawu ena sindingalembe pano, ndalama ndinabweza yonse ndipo nkhukuzo tinadya tokha masiku awiri. Usiku umenewo menyu ija ndinaiponya pa mbaula.

Kutacha ndinagula kabolodi ndi choko, ndipo zaka zinayi zadutsa choncho. Chomwe chafika ndi chomwe ndimalemba. Mvula ikagwa ndi bowa wa ku Chikangawa, amayi amatola mnkhalango muja nkumagulitsa mmbali mwa M1, ndimamuphika wotendera pambali nkhwani. November ndi December musandifunse chambo, ndi nthawi yoti chiswane ndipo makoka amakhala oletsedwa, wokugulitsani mwakabisira akudya za ana ake omwe. Mwezi ukawala usipa wauwisi umasowa chifukwa asodzi amaukopa ndi nyali usiku, kukakhala mbee sutsata nyaliyo, ndiye sabata imeneyo ndi nyemba ndi chigwada. Tomato, anyezi ndi mbatatesi ndimaoda kwa alimi a ku Jenda, mpunga ndi Kilombero wa ku Karonga, wina uliwonse makasitomala anga amauzindikira ndi fungo lokha.

Ndiye achimwene a ulesi aja, bwerani mudzadzuke nane 4 koloko kuimbira asibweni kufunsa mmene nyanja yagonera. Lero pabolodi pali kampango ndi kondowole, wabwera 8 yekha. Gawo lotsatira ndikuuzani mmene alandilodi anandithamangitsira ku Chibavi mvula ili mkati.